Easy-out yathyokera m'kati mwa bawuti yoduka, tiichotse bwanji?

Makaniko wa njinga, Chimbiya: Moni akuluakulu nonse. Ndithandizeni nzeru. Pa hedi ya njinga yamoto ya 150 cc, bawuti imodzi ya M8 (ya 8 mm) yogwira ekizozi yadukira mofanana ndi nkhope ya hediyo. Inabooledwa ndi biti ya 4 mm, easy-out (kachitsulo kolowetsa m'bowo kuti kazule bawuti yoduka) inalowetsedwa, nayonso yathyokera momwemo. Chidutswa chatsalacho chingakwane 8 mm kutalika. Mabiti awiri apsa kale osalowa ngakhale pang'ono. Hedi ndi ya aluminiyamu. Njira ilipo kapena hediyi yatha basi?

Mkulu wa galaja, Dedza boma: Hedi sinathe achimwene, koma ikani kaye drill pansi. Easy-out ndi chitsulo cholimbitsidwa pamoto, kulimba kwake n'kofanana ndi kwa biti ya HSS (biti wamba yoboolera zitsulo) imene mukuboolerayo. Zitsulo ziwiri zolimba mofanana sizidulana, zimangopekesana mpaka biti ipse. Choopsa kwambiri n'chakuti biti ikalephera pakati imaterereka n'kupita kumene kuli kofewa, ndipo chofewa pamenepo ndi aluminiyamu ya hedi. Ikadya mazinga mbali imodzi, ntchito imene ikanatha lero isanduka ya masiku atatu. Tiuzeni, easy-out yake ndi yopota ija kapena ya ngodya zinayi?

Makaniko wa njinga, Chimbiya: Yopota bambo, ya mazinga akumanzere.

Mkulu wa galaja, Dedza boma: Ndiye mvetsani chimene chachitika m'katimo. Easy-out yopota ndi yosongoka, yaing'ono kunsonga, yaikulu kumtunda. Mukamaipotoza kumbali yomasulira, imadzikokera m'kati ngati mphero imene timang'ambira nkhuni. Bawuti ya M8 pansi pa mazinga ndi pafupifupi 6.5 mm. Mukaboola 4 mm pakati, khoma lotsala ndi lopitirira pang'ono 1 mm mbali iliyonse. Khoma lopyapyala chonchi limatukumuka, n'kukanikiza mazinga a hedi. Ndiye bawuti imene inali yogwidwa ndi dzimbiri lokha tsopano yagwidwa kawiri.

Yambani ndi chosavuta. Tengani panchi yosongoka bwino ndi hamala yaing'ono. Pezani kamlomo ka chidutswacho kamene katsala pamwamba, ikani panchi mopendekeka, muzigogoda pang'onopang'ono kumbali YOMANGIRA, mmene wotchi imayendera. Ambiri amagogodera kumbali yomasulira, n'kumaikhomereranso. Easy-out yopota imamasuka ikazungulira kumanja. Ikangogwedezeka pang'ono, itoleni ndi pulayala yosongoka kapena maginito.

Wa mapampu, Tsangano: Kuwonjezera pa zimene anena akuluwo. Chitsulo cholimba chonchi n'chophweka kusweka ngati mbale yadothi. Ngati sichikuzungulira, chimenyeni pakati ndi panchi molunjika, nthawi zina chimang'aluka zidutswa ziwiri zitatu, muzichotsa chimodzichimodzi. Koma valani magalasi. Tizidutswa take timauluka ngati mpholopolo ndipo timalowa m'diso. Hediyo ikhale yotsamira pa thabwa lolimba, osati m'manja mwa mwana wa sukulu.

Mayi wa lathe, Ntcheu boma: Pa kumenya pakatipo ndikutsutsa pang'ono achimwene. Pa cast iron kapena chitsulo chochindikala inde. Pa hedi ya njinga, bowo la ekizozi lili m'mphepete, nyama yozungulira ndi yochepa. Kumenya molunjika kukhomera mpheroyo m'kati, ndipo khutu la hedi likhoza kung'aluka. Gogodani mopendekeka monga anenera bambo a ku boma, kwa mphindi khumi. Zikakanika, siyani hamala, pitani pa moto.

Wa mapampu, Tsangano: Zoona mayi, pa khutu la hedi ndavomera.

Wowotcherera, Lizulu: Ntchito imeneyi ndi ya wowotcherera. Ndifotokoze bwinobwino chifukwa ambiri amaidziwa mwa theka, nati ikathyoka kamodzi amati njira siigwira.

Chotsani hedi pa njinga ngati n'kotheka. Ngati mukuwotcherera ili pomwepo, chotsani thanki ya petulo, chotsani mawaya a batire, zulani CDI (kabokosi koyendetsa moto wa pulagi). Earth ya makina owotcherera igwire pa hedi penipeni pafupi ndi bawutiyo. Mukaigwiritsa pa tcheni kapena pa limu, magetsi adutsa m'ma bearing n'kuwadinda timabala.

Tsukani pamalopo ndi burashi yawaya mpaka chitsulo chiwale. Oyilo ndi WD-40 zimene mwathirapo zichoke zonse, apo ayi weld ichita timabowo. Musapopere brake cleaner pamalo oti muwotcherere. Ina imakhala ndi chlorine, ndipo ikakumana ndi moto wa welding imatulutsa utsi wa poyizoni.

Tengani washa yochindikala ya M8, bowo lake ndi 8.4 mm. Ikani pamwamba, bowo lilunjike bawuti. Ndi rodi ya 2.5 mm, dontholani pakati kamodzi, imani, gogodani slag (makoko akuda otsala pamwamba pa weld), dontholaninso. Osakoka mzere. Cholinga n'choti weld igwire mkombero wa bawuti, osati easy-out yokha, kenaka ifalikire pa washa. Aluminiyamu siigwirana ndi rodi yachitsulo, ndiye musaope kuti muwotcherera bawuti ku hedi, bola osakhalitsa moto malo amodzi. Washa ikagwira, ikani nati ya M10 kapena M12 pamwamba pake, dzazani m'kati mwa nati kuyambira pansi, muwonjezere madontho awiri atatu kunja pamene nati yakumana ndi washa. Chifukwa choyambira washa n'chakuti rodi imafika bwino pa bawuti. Mukayambira nati, moto umalumphira m'mbali mwa nati, pansi pamangodzaza slag, pamwamba n'kumaoneka ngati zagwira.

Makaniko wa njinga, Chimbiya: Rodi yake iti akulu? Kuno zopezeka ndi 6013 basi. Ndipo ma amps angati?

Wowotcherera, Lizulu: 6013 ya 2.5 mm igwira, ikani pakati pa 75 ndi 90 amps. Mukachepetsa kwambiri, weld ingokhala pamwamba osalowerera. Vuto la 6013 ndi slag yambiri m'malo opanikizika, n'chifukwa chake ndikuti gogodani dontho lililonse. Mukapeza rodi ya stainless ya 312 kapena 309, tengani imeneyo, chifukwa imagwira bwino zitsulo zosiyana mitundu ndipo siing'aluka msanga ikasakanikirana ndi chitsulo cholimba cha easy-out. Imafuna ma amps ocheperapo pang'ono kusiyana ndi 6013. Rodi ziwiri zakwana ntchito yonse.

Chinanso, kuno kwathu kumtunda chinyezi n'chambiri, makamaka June ndi July kukachita nkhungu. Rodi zosungidwa m'shedi zimamwa chinyezi ndipo zimalavula. Ziyanikeni pafupi ndi mbaula kwa kanthawi musanayambe. Hedi nayo ikazizira kwambiri imaba kutentha konse, dontho loyamba siligwira. Ifunditseni kaye mpaka dontho la madzi lizichita thovu n'kuuma pomwepo.

Mkulu wa galaja, Dedza boma: Pamene anthu amalakwitsa kwambiri ndi pambuyo powotcherera. Nati ili yofiira, munthu watenga kale sipanala. Ayi. Chitsulo chofiira n'chofewa, chipotoka n'kuduka. Dikirani kufiira kuthe, mudikirenso mphindi zitatu kapena zisanu. Nthawi imeneyi ndi imene ikugwira ntchito yeniyeni: bawuti inafuna kukula ndi kutentha koma bowo linaikaniza, ndiye pozizira imabwerera yocheperako pang'ono, dzimbiri lija n'kusweka. Kutentha komwe kwalowa mu hedi kumathandizanso, poti aluminiyamu imakula pafupifupi kawiri kuposa chitsulo pa kutentha kofanana.

Ikadali yofunda, khudzitsani kandulo m'mphepete mwa washa kuti phula lisungunukire m'mazinga, kapena thirani oyilo wolowerera. Kenaka sipanala yaifupi, ya ring, popanda paipi. Yambani ndi kumanga pang'ono zedi, kenaka kumasula, kumanga, kumasula. Ikayamba kusuntha ngakhale ngati tsitsi, musathamange. Bwererani, thirani oyilo, pitaninso. Ikalira "kwii" n'kulimba, imani, bwererani. Aluminiyamu ikamatirira pa mazinga a bawuti, mukakakamiza imatuluka nayo yonse.

Wowotcherera, Lizulu: Ndipo nati ikathyoka musataye mtima, wotchereraninso ina. Kachiwiri, kachitatu, ngakhale kachinayi. Kutentha kulikonse kukumasula dzimbiri. Onetsetsani pamene yathyokera. Ngati pali pakuda pa slag, weld sinagwire, onjezani ma amps. Ngati pali powala ngati shuga, ndi easy-out imene yasweka, ndiye kuti mwagwira pakati pokha.

Pamenepa pali mwayi wina. Mukaona kuti weld yagwira easy-out yokha, potozani nati kumbali yomangira. Chidutswa chija chimatuluka chili pa nati. Mwatsala ndi bawuti ya bowo pakati, ndipo imeneyo ndi yosavuta: dzazani bowolo ndi weld kuchokera pansi, kutentha kulowa mpaka kunsonga, ikani washa ndi nati ina.

Mayi wa lathe, Ntcheu boma: Kwa amene alibe makina owotcherera, kapena magetsi athima tsiku lonse, chodula easy-out chilipo: tungsten carbide kapena diamond. Biti ya cobalt musataye nayo ndalama, ndi yabwino pa stainless koma pano ipsa ngati zinazo.

Njira yaukhondo ndi carbide burr (kabiti kopalira chitsulo) ya 3 mm ya mutu wozungulira, pa die grinder kapena kamakina ka Dremel, liwiro la kuzungulira ka 20,000 pa mphindi kupita m'mwamba. Pa drill yamanja siyenda bwino chifukwa liwiro n'lochepa, imalumpha n'kubenthuka mano. Musakanikize. Dyani pakati pa chidutswacho pang'onopang'ono mpaka chitsale chigoba, chigobacho chipindireni m'kati ndi panchi yaing'ono. Ya diamond imafuna madzi nthawi zonse, ikauma imatha m'mphindi imodzi. Tsekani bowo la ekizozi ndi kansalu kopaka girisi, chifukwa fumbi limeneli likalowa pa valavu limadya ngati mchenga.

Biti ya konkire nayo nsonga yake ndi carbide. Ikanoledwa pa mwala wobiriwira wonolera carbide kapena pa disiki ya diamond yodulira matailosi mpaka ikhale ndi mlomo wakuthwa, imaboola chitsulo cholimba. Ya 4 mm yakwana. Zimitsani hammer pa drill, apo ayi nsonga ithyoka nthawi yomweyo. Salazani kaye pamwamba pa chidutswacho, chifukwa pothyoka pamakhala popendekeka ndipo biti itsetsereka. Ndi bwino pa drill press, hedi itamangidwa. Ngati ndi yamanja, mangani flange ya ekizozi (chitsulo cha mabowo chomangirira ekizozi ku hedi) pa bawuti inayo, lowetsani kapaipi kokwana bwino m'bowo la flange, biti iziyenda m'kapaipimo. Yezani kuya kwa bowo linalo, mumate tepi pa biti. Pa hedi za magalimoto kuseri kwa bowo kumakhala njira ya madzi kapena ya oyilo, ukapyoza pamenepo ndiye kuti hedi yathadi.

Wa mapampu, Tsangano: Ena amati thirani asidi wa batire adye chitsulocho. Pali amene akudziwa?

Mayi wa lathe, Ntcheu boma: Asidi wa batire ayi, ndi woopsa m'maso ndi pakhungu, ndipo akadontha pa mpando wa valavu audya. Chimene chimagwira pa aluminiyamu ndi alum, kamwala koyera kamene ena amapaka akameta ndevu. Alum wosungunulidwa m'madzi otentha amadya chitsulo koma aluminiyamu amaisiya. Sinjani, sungunulani masupuni anayi aakulu mu kapu imodzi ya madzi otentha, onjezani mpaka wina azitsalira pansi osasungunuka. Chotengera chikhale poto wa aluminiyamu kapena galasi, osati chitini.

Hedi yonse musaimize. Mipando ya mavalavu, ma guide ndi mabawuti enawo ndi achitsulo, adyeka limodzi. Imikani hedi bowo liyang'ane kumwamba, umbani kakhonde ka dongo kapena silicone kuzungulira bowolo ngati kachitsime, thiranimo. Madziwo azikhala otentha, akazizira ntchito imaima, ndiye hedi ikhale pamwamba pa mbaula ya moto wochepa, muziwonjezera akamaphwa. Mukaona tithovu tating'ono tikukwera, ndiye kuti akudya. Maola angapo alionse tokosani ndi waya kuchotsa matope akudawo, thirani atsopano. Oyilo akatsala pa chitsulo, alum safika, tsukani kaye bwino.

Koma kunena zoona ndi njira yochedwa. Pa M8 konzekerani masiku, osati maola. Mwini njinga ya kabaza sangadikire choncho ngati wowotcherera ali pa Chimbiya pomwepo. Ubwino wake ndi umodzi: mazinga a hedi amatsala osakhudzidwa. Ndipo simufunika kudikira kuti bawuti yonse isungunuke, chidutswa chikangoyamba kugwedera chizuleni.

Wa zigayo, Bembeke: Pepani ndilowererepo ndi funso lofanana. Nanga ikakhala injini ya dizilo ya chigayo, block ya cast iron, bawuti ya M12 yadukira 5 mm pansi pa nkhope, easy-out ili m'kati? Alum angagwire?

Mayi wa lathe, Ntcheu boma: Ayi bambo, pa cast iron alum adya block ndi bawuti limodzi. Musayese n'komwe.

Wowotcherera, Lizulu: Pamenepo weld ikhoza kugwira mazinga a block, ndiye atetezeni. Dulani kapaipi ka kopa kokwana m'bowolo, ngati ka firiji kaja, lowetsani mpaka kakhudze bawuti. Weld siigwira kopa. Dontholani m'kati mwa kapaipiko, dontho, slag, dontho, slag, mpaka mutuluke pamwamba pa nkhope, kenaka washa ndi nati ya M14 kapena M16. Kuchotsa slag pansi pa bowo kumafuna msomali wakonkire wonoledwa ndi mpweya wopopera. Mukadumpha pamenepa, mzati wanu ukhala wa slag pakati ndipo uthyoka pa kupotoza koyamba.

Mkulu wa galaja, Dedza boma: Pa M12 palinso danga loboola mozungulira. Pansi pa mazinga ndi pafupifupi 10 mm, easy-out yatenga mwina 6 mm, khoma latsala 2 mm mbali iliyonse. Ndi biti ya 1.5 mm boolani timabowo tinayi kapena tisanu m'khoma la bawuti, motsatira mipata ya easy-out. Khoma likafooka, kukanikiza kuja kumatha ndipo chidutswa chimagwedera. Gulani mabiti angapo, ena athyoka. Liwiro lalikulu, dzanja lopepuka, tulutsani biti pafupipafupi. Pa M8 ya achimwene a pa Chimbiya njira iyi siitheka, khoma n'lochepa.

Ngati muli ndi gasi, tenthetsani chidutswacho ndi nozzle yaing'ono mpaka chifiire, kenaka chizizire pang'onopang'ono, mutachikwirira ndi phulusa louma. Easy-out zambiri zotchipa ndi carbon steel, zikatero zimafewa ndipo biti wamba imalowa. Mukathira madzi chikadali chofiira chilimbanso. Za HSS sizifewa ndi njira imeneyi. Pa aluminiyamu musayese kufiiritsa ndi gasi, imasungunuka pa 660 °C popanda kusintha mtundu, mungoona khutu la hedi lagwa.

Wa zigayo, Bembeke: Zikomo akuluakulu. Kapaipi ka kopa sindinakaganizire.

Wa mapampu, Tsangano: Tisaiwale timasikuluu ting'onoting'ono ta mutu wa nyenyezi, ngati ta pa kabuleta kapena pa chivundikiro cha brake fluid. Kumeneko easy-out imathyokera m'mutu wa sikuluu, osati m'mazinga. Musalimbane nayo. Perani mutu wonse ndi girayinda yaing'ono mpaka uchoke limodzi ndi chidutswacho, nyamulani chivundikiro, kathupi ka sikuluu katsala panja. Kagwireni ndi vice grip. Mutu ukachoka kukoka kumatha, kambiri kamatuluka ndi zala.

Makaniko wa njinga, Chimbiya: Akuluakulu, panchi inakanika. Tawotcherera ndi 6013 pa 85 amps. Nati yoyamba yathyoka, pothyokapo powala ngati shuga. Yachiwiri tapotozera kumanja, chidutswa cha easy-out chatuluka chili pa nati monga ananenera akulu a ku Lizulu. Tadzaza bowo, nati yachitatu yatulutsa bawuti yonse. Koma mazinga awiri apamwamba a hedi atuluka nayo. Otsalawo akuoneka bwino. Ndimange choncho kapena ndiike Helicoil, waya wopota wolowetsa m'bowo kuti pakhale mazinga atsopano?

Mayi wa lathe, Ntcheu boma: Mwagwira ntchito. Tsopano yezani. Pititsani tap (chitsulo chodulira mazinga m'bowo) ya M8 x 1.25 ndi dzanja, ndi oyilo pang'ono, theka la kuzungulira kutsogolo, kota kubwerera. Cholinga ndi kutsuka, osati kudula atsopano. Uzirani zinyalala zituluke, lowetsani bawuti yatsopano ndi zala, muwerenge. Mu aluminiyamu mazinga abwino azikwana kamodzi ndi theka kukula kwa bawuti, ndiye kuti 12 mm pa M8, pafupifupi kuzungulira 10. Ikakwana pamenepo ndipo siikugwedera m'mbali, mangani. Ikapanda kukwana, Helicoil: boolani 8.3 mm, dulani ndi tap yake ya mu kit, osati tap wamba, lowetsani waya mpaka utsike theka la zinga pansi pa nkhope, thyolani kamchira ka pansi. Kuboola kukhale kolunjika, apo ayi flange siikhala bwino ndipo ekizozi iziphwisa.

Kukulitsa kupita ku M10 kumatheka, tap drill yake ndi 8.5 mm, koma pa khutu la hedi ya njinga nyama ndi yochepa ndipo flange muyenera kuiboolanso. Ine ndingasankhe Helicoil.

Mkulu wa galaja, Dedza boma: Ikani stud (bawuti yopanda mutu, ya mazinga mbali zonse ziwiri) ndi nati m'malo mwa bawuti ya mutu, kuti pomasula ekizozi mtsogolo izizungulira nati, mazinga a hedi azipuma. Stud ikhale ya giredi 8.8 (nambala ya kulimba kwa chitsulo), osati ndodo ya mazinga ya ku hardware, imeneyo ndi yofewa ndipo iduka ndi kutentha. Pakani copper grease ku mazinga onse awiri. Nati ya brass kapena yokutidwa ndi kopa siigwidwa dzimbiri pa ekizozi. M8 ya 8.8 mu chitsulo imamangidwa pafupifupi 25 Nm, koma apa ndi aluminiyamu ndipo mwapaka girisi, musapitirire 18 kapena 20. Mangani mbali zonse ziwiri mosinthana, gasket yatsopano, injini ikatentha n'kuzizira kamodzi mubwerezenso pang'ono.

Makaniko wa njinga, Chimbiya: Ndawerenga, yazungulira 11 ndi zala, siikugwedera. Funso lomaliza bambo, easy-out inathyoka chifukwa chotchipa kapena panalakwika china?

Mkulu wa galaja, Dedza boma: Munaipotoza ndi chiyani?

Makaniko wa njinga, Chimbiya: Shifting spanner.

Mkulu wa galaja, Dedza boma: Ndi pamenepo. Sipanala imakoka mbali imodzi, ndiye easy-out ikupotoka ndi kupindika nthawi imodzi, ndipo chitsulo cholimba sichipirira kupindika. Imafuna tap wrench ya manja awiri kuti mphamvu ifanane. Koma ngakhale ndi tap wrench, ganizani izi: bawuti ya 8 mm inaduka chifukwa mazinga anagwira kuposa mphamvu yake. Kachitsulo ka 4 mm sikangapambane pamene 8 mm yalephera. Easy-out ndi ya bawuti imene yaduka chifukwa chomangitsa kwambiri kapena kugwedezeka, mazinga ali omasuka. Ya dzimbiri ngati ya ekizozi, yambani ndi washa ndi nati. Ngati palibe welding, boolani pakati penipeni ndi biti ya kumanzere, drill ili pa reverse, kuyambira 3 mm, kenaka 5, mpaka 6.8 mm, mutole zotsala za mazinga ndi kansonga. Nthawi zambiri bawuti imatuluka yokha biti ikafika pa 5 kapena 6. Pa mazinga 11 amene mwawerengawo mangani stud, Helicoil isungeni.